MAFUNSO ANU: Ndipange magemu, kapena ndilembe mabuku a nkhani m'Chijapanizi?

FUNSO: Akonzi, ndine mnyamata wa zaka 21 ndipo ndangomaliza dipuloma ya makompyuta. Masana ndimathandiza amalume pashopu, ndiye nthawi yanga ndi maola awiri okha madzulo. Mtima wanga wagawanika. Ndimafuna kupanga magemu, komanso ndimalakalaka kulemba mabuku a nkhani okhala ndi zithunzi aja a ku Japan, otchedwa light novel, m'Chijapanizi chenichenicho. Ndikudziwa zilembo za Chijapanizi zotchedwa hiragana ndi katakana, komanso kanji (zilembo zoimira mawu) pafupifupi 150. Laputopu yanga ndi yakale, ya 4GB RAM. Ndiyambe chiti?
Wowerenga wa ku Area 25

YANKHO: Achimwene, yambani ndi magemu. Chijapanizi musachitaye, koma muzichipatsa theka la ola patsiku ngati phunziro, osayembekezera kuti chikubalireni buku chaka chino. Mapanga awiri avumbwitsa, makamaka munthu wa maola awiri.

Tiwerengere limodzi. Maola awiri patsiku, masiku 6 pasabata, ndi maola 12, ndipo pachaka angopitirira 600, magetsi akakhala kuti sanakusokonezeni. Sukulu ya boma la America yophunzitsa akazembe zilankhulo, Foreign Service Institute, imaika Chijapanizi m'gulu la zilankhulo zovutitsitsa kwa munthu wodziwa Chingerezi, ndipo imachiwerengera maola 2,200 a m'kalasi. Kwa inu ndiye zaka zitatu ndi theka mutasiya china chilichonse. Komanso Chijapanizi cha maola amenewo ndi chogwirira ntchito mu ofesi. Cholembera nkhani yoti munthu wa ku Osaka aiwerenge ali m'sitima, osadodoma ndi chiganizo chilichonse, chili patsogolo pake.

Pakamwa chilankhulochi chimatikomera Amalawife. Mavawelo ake ndi asanu omwewa, ndipo maphatikizo ake ambiri amathera pa vawelo monga athu. Chimavuta ndi cholembera. Mwana wa ku Japan amaphunzira kanji 1,026 ku pulayimale kokha. Mndandanda wa boma wa kanji za tsiku ndi tsiku, womwe unakonzedwanso mu 2010, uli ndi 2,136, ndipo zambiri mwa izo zimawerengedwa m'njira ziwiri kapena kuposerapo malinga ndi mawu omwe zalowamo. Light novel imodzi imakhala ndi zilembo pafupifupi 100,000. Mutamalemba zilembo 300 zolongosoka tsiku lililonse, chomwe ndi chipambano kwa wophunzira, buku limodzi lingakudyereni pafupifupi chaka.

Koma chomwe chimagwetsa alendo ambiri si kanji ayi, ndi kamvekedwe ka anthu a m'nkhani. Ife tili ndi "ine" mmodzi. Iwo ali ndi watashi, boku, ore, atashi, washi ndi ena, ndipo lililonse limaulula msinkhu, khalidwe ndi ulemu wa wolankhulayo. Mnyamata wofatsa amati boku, wamatama amati ore, nkhalamba ya m'nthano imati washi. Timawu tothera chiganizo monga yo, ne, zo ndi wa timachitanso chimodzimodzi. N'chifukwa chake m'mabuku amenewa anthu anayi amatha kukambirana tsamba lonse popanda "anatero uje", wowerenga n'kumadziwa yemwe akulankhula. Onjezanipo keigo, chilankhulo chaulemu chomwe chili ndi njira yokwezera mnzako ndi ina yodzichepetsera wekha. Taganizani buku la Chichewa lomwe patsamba loyamba mkamwini akuuza apongozi ake kuti "iwe bwera kuno", wolemba osadziwa kuti walakwitsa. Mungafike nalo patsamba lachiwiri? Umo ndi momwe Mjapanizi amamvera mlendo akasokoneza zimenezi.

Pali pena pomwe khutu lanu la Chichewa lidzakuthandizani. Ife timati kunali zii, anagwa khu, mutu uli mbuu. Nawonso ali ndi mawu otere ochuluka zedi: shiin ndi bata lija timati zii, dokidoki ndi kugunda kwa mtima. Olemba a light novel amawagwiritsa ntchito kwambiri, ndipo inu simudzavutika kumva ntchito yake.

Mayeso a Chijapanizi a JLPT, omwe amayambira N5 kukafika N1 ndipo amalembedwa mu Julaye ndi mu Disembala, ndi abwino poyeza kuwerenga ndi kumva. Koma ndi osankha yankho basi. Mulibe gawo lolemba nkhani kapena lolankhula, kotero munthu atha kukhoza N1 osatha kulemba ndime yokoma. Sitikunena kuti n'zosatheka. Li Kotomi wa ku Taiwan anayamba Chijapanizi ali ndi zaka 15, anasamukira ku Japan mu 2013, ndipo analandira mphoto yaikulu ya zolembalemba ku Japan ya Akutagawa mu 2021. Koma onani zaka zomwe zinadutsa, ndipo iye anakula akulemba kale zilembo za Chitchaina zomwe kanji zinachokerako.

Magemu ndi osiyana pa chinthu chimodzi chachikulu: pakatha mwezi mutha kukhala ndi kanthu kogwirika koti mng'ono wanu asewere pafoni. Pa laputopu ya 4GB tengani Godot, pulogalamu yopangira magemu. Ndi yaulere, salipiritsa kanthu ngakhale mutagulitsa gemu, ndi yaing'ono poitsitsa ndipo imatsegulidwa osaiika n'komwe. Poyamba pulojekiti sankhani Compatibility, chifukwa ndi yomwe imayenda pa makompyuta akale ndi mafoni otchipa. Unity, pulogalamu inanso yopangira magemu, imadya ma GB angapo a bandulo ndipo pa 4GB idzakutopetsani. Unreal iiwaleni kaye, imafuna khadi ya zithunzi yamphamvu.

Sabata yoyamba phunzirani GDScript, khodi ya Godot yomwe imafanana ndi Python, ndipo pangani kabokosi koyenda kumanja ndi kumanzere mukadina batani. Osajambula chilichonse, mabokosi ndi mizere zikwanira. Sabata yachiwiri ikani lamulo limodzi la masewera: zinthu zikugwa kuchokera kumwamba, wosewera akuzinda, monga m'fulaye. Sabata yachitatu onjezani kuwerenga mapointi, sikirini yoyambira, sikirini ya kugonja ndi batani loyambiranso. Gawo ili ndi lomwe oyamba kumene amalinyalanyaza, koma ndi lomwe limasandutsa zoyeserera kukhala gemu. Sabata yachinayi ikani phokoso, tulutsani fayilo ya Android, mupatse anthu asanu asewere inu muli chete pambali. Akasochera musawathandize, ingolembani pomwe asocherapo.

Kutulutsa ya Android kumafuna export templates, Android SDK ndi Java, ndipo zimenezi n'zolemera kuposa Godot yeniyeniyo, ndiye zitsitseni ndi bandulo ya usiku kapena pomwe pali Wi-Fi.

Zolakwika za mwezi woyamba zimadziwika. Gemu ikamathamanga pa laputopu koma n'kumakwawa pafoni ina, nthawi zambiri ndiye kuti simunachulukitse liwiro ndi delta, nthawi yomwe yadutsa pakati pa chithunzi ndi chinzake. Ikamadzitsekera yokha pafoni ya 2GB, onani kukula kwa zithunzi. Chithunzi cha 4096 kwa 4096 chikatsegulidwa chimatenga 64MB m'memore ngakhale fayilo yake ikuoneka yaing'ono, pomwe cha 1024 kwa 1024 chimatenga 4MB. Magetsi akathima mukusunga fayilo, batire ya laputopu ili yakufa, fayiloyo itha kuwonongeka, choncho phunzirani Git, chida chosunga mbiri ya mafayilo anu, tsiku loyamba lomwe ndipo muzisunga ntchito pa GitHub madzulo aliwonse. Koma chomwe chimapha magemu ambiri ndi kukula mtima. Munthu asanamalize kagemu ka sikirini imodzi amayamba dziko lalikulu la mizinda khumi ndi osewera ambiri pa intaneti, pakatha miyezi itatu n'kusiya. Gemu yachiwiri ikhale bawo ya anthu awiri pafoni imodzi. Timaenje 32 ndi njere 64 ndi mndandanda wa manambala 32 basi, koma kufesa, kudya ndi kudziwa pomwe dzanja lathera zidzakuphunzitsani khodi kuposa maphunziro khumi a pa YouTube. Mu Januwale lowani Global Game Jam, pomwe anthu amapanga gemu m'maola 48.

Theka la ola la Chijapanizi lija ligaweni chonchi: mphindi 15 mawu 10 atsopano pa Anki (pulogalamu yolowezera mawu), omwe pachaka ndi 3,650, ndi mphindi 15 kuwerenga. Buku lophunzirira Chijapanizi la Irodori la Japan Foundation limatsitsidwa mwaulere, ndipo NHK News Web Easy ili ndi nkhani zazifupi zokhala ndi tizilembo tothandiza pamwamba pa kanji. Mwezi ukatha dzifunseni kuti ndi nthawi iti yomwe munkaiyembekezera ndi chidwi muli pashopu paja. Mukapeza kuti khodi imakudwalitsani mutu koma mumagona mukuganiza za anthu a m'nkhani yanu, werengani yankho lotsatirali.

FUNSO: Ine ndimajambula bwino anthu a anime ndipo ndili ndi nkhani yomwe ndalemba m'Chingerezi. Ndikuganiza zoimasulira ndi makina, ndiikemo zithunzi zanga, nditumize ku mpikisano wa ku Japan. Zingatheke?
Mtsikana wa ku Kawale

YANKHO: Achemwali, kutumiza mutha kutumiza, koma sitikulimbikitsani. Makina amapereka tanthauzo, satha kusunga munthu. Chijapanizi chimasiya "iye" ndi "ine" pomwe zikudziwika kale, koma makina omasulira kuchokera ku Chingerezi amazibwezera m'chiganizo chilichonse, ndipo wowerenga amazindikira ndime yoyamba yomwe. Amasakanizanso kalembedwe kaulemu ka desu ndi masu ndi kalembedwe wamba ka da, mtsikana yemwe amati atashi pamutu woyamba n'kudzati watashi pamutu wachitatu, dzina la munthu mmodzi n'kulembedwa m'njira ziwiri. Inu simungazione zimenezi chifukwa simungawerenge zomwe zatulukazo. Mipikisano nayonso ili ndi malamulo ake pa zolemba zopangidwa ndi makina, ndipo ina imafuna kuti wolowa akhale ndi adiresi kapena akaunti ya banki ku Japan. Werengani malamulo onse musanayambe. Mukapambana mkonzi adzakambirana nanu m'Chijapanizi za kukonza bukulo, mwinanso kangapo, kenaka adzafuna buku lachiwiri pakangopita miyezi.

Palinso kalembedwe komwe kamaonetsa msanga kuti munthu sanazolowere. Zolankhula zimakhala mkati mwa 「 ndi 」 popanda mpumiro kumapeto, ndime imayamba ndi mpata wa chilembo chimodzi, timadontho ta kukayika timalembedwa kawiri motere ……, ndipo buku losindikizidwa limawerengedwa kuchokera pamwamba kutsika, mizere ikuyenda kuchokera kumanja.

Za zithunzi, dziwani kuti ku Japan wolemba ndi wojambula nthawi zambiri amakhala anthu awiri. Mpikisano waukulu wa Dengeki, womwe unayamba mu 1994 ndipo umalandira nkhani zikwi zingapo chaka chilichonse, umaweruza zolemba. Wojambula amasankhidwa ndi mkonzi pambuyo pake, n'kupanga chikuto, masamba ochepa amitundu kumayambiriro ndi zithunzi zakuda ndi zoyera pafupifupi 10 mkati. Mpikisanowu umatseka pa 10 Epulo, ndipo kumbukirani kuti Japan ili patsogolo pathu ndi maola 7: ikamakwana 23:59 ku Tokyo, kuno ku Lilongwe ndi 16:59. Njira ina ndi mawebusayiti monga Shōsetsuka ni Narō, yomwe inayamba mu 2004, ndi Kakuyomu ya mu 2016, komwe aliyense amaika nkhani mwaulere ndipo makampani amatolako zotchuka. Koma kumeneko olemba ambiri amaika mutu watsopano wa zilembo 2,000 mpaka 4,000 pafupifupi tsiku lililonse. Wodalira makina sangalimbe pa liwiro limenelo.

Dzanja lanu lojambula silifuna womasulira. Ikani zithunzi pa pixiv, webusayiti ya ojambula ya ku Japan, mulembe timawu tofufuzira m'Chijapanizi, ndipo anthu a ku Japan adzaziona momwe zilili.

Nkhani yanuyo ipangeni visual novel. Iyi ndi gemu yowerenga: chithunzi cha malo kumbuyo, munthu kutsogolo, mawu pansi, ndipo pena wowerenga amasankha komwe nkhani ilowere. Ren'Py, pulogalamu yopangira magemu otere, ndi yaulere, imayenda pa laputopu yakale, ndipo malamulo oyambira ndi ochepa: scene kusintha malo, show kuonetsa munthu, menu kupereka zosankha, jump kulumphira gawo lina. Yoyamba ikhale ya theka la ola, mawu 5,000 kapena 6,000, anthu atatu, aliyense ndi nkhope zisanu, malo asanu ndi limodzi, nyimbo ziwiri, mathero awiri. Jambulani thupi kamodzi mu pulogalamu yojambulira ya Krita, maso ndi pakamwa pa leya yapadera, kuti nkhope yokwiya ndi yoseka zisafune kujambula munthu yense kawiri. Anthu asungeni ngati PNG yopanda chakumbuyo. Musachulukitse nthambi za nkhani, chifukwa zosankha zitatu zotsatizana, chilichonse cha njira ziwiri zosakumananso, zimabala mathero 8 oti mulembe ndi kujambula. Mu Marichi kumakhala NaNoRenO, pomwe anthu amapanga visual novel m'mwezi umodzi. Lembani m'Chichewa kapena m'Chingerezi, chilankhulo chomwe mumatha kuseketsa nacho munthu. Ren'Py imatulutsa yokha mafayilo omasulirira, ndiye Chijapanizi chidzalowa pambuyo mukapeza munthu wochidziwa. Ndipo musaope kuika nkhaniyo pa depoti ya minibasi kapena mumsika wa Tsoka. Sukulu za ku Tokyo zili ndi ozilemba ambirimbiri omwe anaphunziramo.

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna wamaliza Fomu 4 ndipo akungokamba za magemu ndi Chijapanizi. Ine ndikufuna kudziwa ngati muli ndalama, komanso zomwe ndingawononge.
Bambo wa ku Area 49

YANKHO: Bambo, gemu yoyamba kapena buku loyamba kawirikawiri sizibweza ndalama, ndipo mwana asalonjeze zimenezo. Choyang'ana ndi luso lomwe lidzatsale m'manja mwake.

Zida zonse tatchulazi n'zaulere. Ndalama zimalowa pa laputopu, bandulo ndi pogulitsira. Pa itch.io amaika gemu osalipira. Google Play imafuna madola 25 kamodzi kokha, ndipo akaunti yatsopano ya munthu payekha iyenera kuyesetsa gemu kwa anthu 12 kwa masiku 14 osadukiza isanaloledwe kutuluka. Mmodzi akatuluka pakati chiwerengero n'kutsika, masiku amasokonekera, choncho apeze anthu 15 kapena kuposa. Steam imafuna madola 100 pa gemu iliyonse, omwe amabwezedwa gemuyo ikagulitsa madola 1,000. Zonsezi zimalipidwa ndi khadi ya Visa kapena Mastercard yololedwa kugulira kunja. Airtel Money ndi Mpamba wamba sizilowa pamenepo, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja kuno, funsani kaye kubanki malire a khadi yanu.

Taonani momwe madola 5 amathera. Gemu ikagulidwa pa Steam ndi munthu wa ku America, Steam imatenga magawo 30 pa 100, kutsala 3.50. Malawi alibe pangano la misonkho ndi America, ndiye pa zogulitsa za kumeneko amadulanso magawo 30 pa 100, kutsala 2.45. Steam imatumiza ndalama kubanki zikafika madola 100, ndipo mabanki a panjira amadulaponso. Asanaike mtengo pa gemu pamalo alionse, aone kaye ngati malowo amatumiza ndalama ku Malawi komanso m'njira yanji.

Ku mabuku, wolemba amalandira pafupifupi magawo 8 mpaka 10 pa 100 a mtengo wa buku. Tingoyerekeza buku la mayeni 700, makope 10,000, pa magawo 10: ndi mayeni 700,000, ndipo kwa munthu wokhala kunja Japan imadula msonkho wa magawo 20.42 pa 100. Buku loyamba likapanda kuyenda malonda, kampani imatha kuimitsa nkhaniyo pa buku lachiwiri kapena lachitatu.

Wodziwa kupanga gemu amadziwa khodi, Git ndi kukonza zolakwika, ndipo luso lomwelo limapanga ma app ndi mawebusayiti omwe mabungwe ndi mabizinesi a mu Lilongwe muno amafuna. Ngati wakhoza bwino masamu, mulimbikitseni sayansi ya makompyuta ku UNIMA, MUBAS kapena MUST, magemu azipanga madzulo. Chijapanizi nachonso sichipita pachabe ngakhale buku lisatuluke. Ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe imalengeza maphunziro olipiriridwa ndi boma la Japan otchedwa MEXT, JICA yakhala ikutumiza anthu ongodzipereka kuno kuyambira 1971, ndipo magalimoto odzaza m'misewu yathu amabwera ndi mapepala a okushoni ndi mawailesi olembedwa m'Chijapanizi omwe eni ake amasowa wowawerengera. Akamaliza gemu kapena buku, apite ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, akamve za umwini wa ntchito yake.

FUNSO: Ndaika mawu a Chijapanizi mu Ren'Py koma pasikirini pakungotuluka timabokosi. Chalakwika n'chiyani?
Wophunzira wa ku Area 18

YANKHO: Ndi fonti. Ren'Py imabwera ndi DejaVu Sans, yomwe ilibe kanji ngakhale hiragana ndi katakana. Tsitsani Noto Sans JP, yomwe chilolezo chake chimalola kuiika m'gemu yogulitsa, muike fayilo yake mu foda ya game. Tsegulani gui.rpy, musinthe gui.text_font, gui.name_text_font ndi gui.interface_text_font kuti zonse zitatu zitchule dzina la fayiloyo ndendende, zilembo zazikulu ndi zazing'ono momwe zilili. Ambiri amasintha yoyamba yokha, timabokosi n'kutsalira pa mayina ndi pa mabatani. Onetsetsani kuti ndi ya JP, chifukwa fonti ya Chitchaina imaonetsa kanji zina m'kaumbidwe kosiyana ndipo Mjapanizi amaziona nthawi yomweyo. Pa gui.language ikani "japanese-normal" kuti mzere usayambe ndi mpumiro kapena ndi 」. Fayilo isungidwe mu UTF-8.

Ngati gemuyo ili ndi Chichewa, lembani mzere woyesera wokhala ndi ŵ muone ngati fonti yatsopanoyo ikuionetsa. Mawu onse a Chichewa aikeni pakati pa zizindikiro ziwiriziwiri zogwira mawu, chifukwa mukagwiritsa ntchito chimodzichimodzi, kachizindikiro ka mu "ng'ombe" kapena "m'nyumba" kadzatseka chiganizo pakati ndipo gemu idzakana kutseguka.